Khansa ya prostate ku Muzvezve: abambo akufika kuchipatala mkodzo utatseka kale

Mtsinje wa Muzvezve umadutsa kummwera kwa tauni ya Kadoma, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, n'kukathira mumtsinje wa Munyati. Madzi amene anthu a ku Kadoma amamwa amachokera m'damu la Claw, lomwe linamangidwa pa mtsinje womwewu. Dera lonseli, kuchokera ku Chegutu kufika ku Kadoma ndi ku Chakari, ndi la golide ndi thonje, ndipo golide ndi thonjeyo ndi amene anabweretsa kuno anthu olankhula Chichewa. Makolo awo anachokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete. Ena anayenda wapansi, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Anadzagwira ntchito kumigodi ya Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari ndi Golden Valley, m'mafamu a azungu, ndipo pambuyo pake m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Masiku amenewo Kadoma ankatchedwa Gatooma ndipo Chegutu anali Hartley, mpaka mayinawa atasinthidwa mu 1982.

Ambiri mwa makolowo sanabwererenso kumudzi. Anakwatira konkuno, anabereka konkuno, anaikidwa konkuno. Ana awo aamuna, amene anakulira m'makomboni a migodi ndi mafamu kapena m'malokeshoni a Rimuka ku Kadoma ndi Pfupajena ku Chegutu, lero ndi madala a zaka 50, 60 ndi 70. Ndiwo akulu a mpingo ku CCAP, akulu a ku mzikiti ndi eni dambwe. Pa msinkhu umenewu m'pamene khansa ya prostate imakonda kugwira munthu.

Kaundula wa khansa wa dziko la Zimbabwe, amene anakhazikitsidwa mu 1985 ndipo ali pachipatala cha Parirenyatwa ku Harare, wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti pa khansa zonse zogwira amuna m'dzikoli, ya prostate ndiyo ili patsogolo. Madokotala a kumeneko amadandaula chinthu chimodzi mobwerezabwereza: odwala ambiri amafika matenda atapita kale patali. Zimandipweteka mtima, chifukwa khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene zimachizika bwino ikapezeka msanga, ndipo poyambira pake ndi kungotenga magazi pang'ono pamkono.

Kachiwalo komwe abambo ambiri sakadziwa

Prostate ndi kachiwalo kamene kali ndi amuna okha. Kamakhala pansi pa chikhodzodzo, kutsogolo kwa njira ya chimbudzi, ndipo mwa mnyamata kukula kwake n'kofanana ndi suku limodzi. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi amene amapanga umuna. Chovuta ndi malo amene kanakhala: njira ya mkodzo ikatuluka m'chikhodzodzo imadutsa pakati penipeni pa kachiwaloka. Kakangokula, njirayo imapanikizika.

Ndipo kamakuladi. Amuna ambiri akapitirira zaka 50 prostate yawo imayamba kukula, ndipo pofika zaka 80 amene sinawakulire ndi owerengeka. Kukula kumeneku si khansa, ndipo sikusanduka khansa. N'kumene kumachititsa madala ambiri kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, kuima nthawi yaitali mkodzo usanayambe kutuluka, kukodza mofooka, ndi kumva ngati mkodzo watsalira. Pali mapiritsi othandiza, ndipo zikavuta pali opaleshoni yotsegula njirayo. Mfumu Charles ya ku Britain inalandira chithandizo cha vuto limeneli mu January 2024 ndipo inalola kuti anthu auzidwe.

Khansa ndi nkhani ina. Imayamba maselo ena a m'kachiwaloka akamachulukana mopanda malire, ndipo kawirikawiri imayambira kumbali yakunja, kutali ndi njira ya mkodzo. Apa m'pamene pagona vuto lonse. Chotupa chikhoza kukhalapo zaka zingapo munthu akukodza bwinobwino, akulowa mumgodi, akulima munda wake, osamva kupweteka kulikonse. Bambo amene amati "ine ndilibe vuto, mkodzo ukuyenda" sananame, koma mawu akewo satsimikizira kuti alibe khansa. Zizindikiro zikamadzaoneka, monga mkodzo kutsekeratu, magazi mumkodzo kapena mu umuna, msana ndi chiuno kuwawa kosalekeza ngakhale usiku, kuonda popanda chifukwa, nthawi zambiri matenda amakhala atatuluka m'kachiwaloka. Khansa ya prostate imakonda kuthamangira kumafupa, makamaka a msana ndi a m'chiuno.

Manyazi, sing'anga ndi msana wa mumgodi

Mwamuna amene wagwira ntchito yonyamula miyala kapena matumba a thonje moyo wake wonse sadabwa msana ukamawawa. Amati ndi ntchito, kapena ndi ukalamba, n'kugula mapiritsi opha ululu pagolosale. Akayamba kuvutika pokodza, maganizo amathamangira ku chinzonono, ndipo amaopa kuti akanena, mayi a kunyumba afunsa kumene wakazitenga. Akaona magazi mumkodzo amakumbukira likodzo la paubwana, la kosambira kumtsinje. Zifukwa zonsezi n'zomveka, ndipo nthawi zina zimakhaladi zoona. Koma palibe amene angasiyanitse likodzo, matenda a m'chikhodzodzo, kukula kwa prostate ndi khansa ali khale pakhonde. Komanso likodzo lokhalitsa limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo, choncho magazi mumkodzo, kaya achokera kuti, ndi nkhani ya kuchipatala.

Pali zina zimene zimanenedwa m'makomboni zomwe ziyenera kukanidwa poyera. Khansa ya prostate si matenda opatsirana. Mwamuna sangampatsire mkazi wake, ndipo sanaitenge kwa mkazi aliyense. Si chilango cha chiwerewere, si tsempho, si mankhwala otchera mkazi. Abusa, mashehe ndi amuna okhulupirika m'banja amadwala chimodzimodzi. Archbishop Desmond Tutu wa ku South Africa anapezeka nayo mu 1997, anauza dziko lonse, analandira chithandizo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka pa 26 December 2021, ali ndi zaka 90.

Sindinyoza munthu wopita kwa sing'anga. Amapita chifukwa sing'anga ali pafupi, amalankhula chinenero chake, amamvetsera mofatsa ndipo amalola nkhuku ngati malipiro. Chimene ndikukana ndi miyezi imene imathera kumeneko. Ndikukananso mabotolo a "mankhwala otsuka prostate" amene amagulitsidwa m'misewu, m'mabasi ndi pa WhatsApp. Palibe mtengo, muzu kapena tiyi amene anatsimikizidwa kuti amachiza khansa ya prostate. Ndalama zimene zimathera pa mabotolo amenewa zikanakwana kuyezetsa magazi kangapo. Akuluakulu anati ukabisa matenda maliro tidzamva, ndipo pa matenda awa mawuwo akukwaniritsidwa m'mabanja ambiri.

Kodi bambo anu anamwalira ndi chiyani?

Zinthu zitatu zodziwika bwino zimene zimakweza chiopsezo ndi msinkhu, mtundu ndi magazi a kubanja. Khansa imeneyi siipezeka kawirikawiri mwa amuna osafika zaka 45, ndipo imachuluka zaka zikamakwera. Pa mtundu, ife akuda tili pamalo ovuta. Bungwe la Prostate Cancer UK limati ku Britain mwamuna 1 mwa amuna 8 alionse adzapezeka ndi khansayi pa moyo wake, koma pakati pa amuna akuda ndi 1 mwa 4. N'chifukwa chake limalangiza amuna akuda kuti ayambe kukambirana ndi dokotala za kuyezetsa ali ndi zaka 45, osadikira 50. Ku America nako amuna akuda amamwalira ndi matendawa pafupifupi kawiri kuposa azungu.

Chachitatucho n'chimene chikuwakhudza mwapadera ana a matchona, makolo aja amene sanabwerere kumudzi. Mwamuna amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwala khansa ya prostate ali pachiopsezo chowirikiza kawiri kapena kuposa. Dokotala wabwino amafunsa za mbiri ya kubanja, ndipo apa m'pamene bambo wa ku Chakari kapena ku Eiffel Flats amasowa chonena. Agogo ake anatsala ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi ndipo sanawaonepo. Abale a bambo ake anabalalika, wina ku Joni, wina ku Kitwe, wina ku Hwange. Bambo ake enieniwo anamwalira pakomboni, ndipo chimene banja limakumbukira n'chakuti "anadwala msana," "anauma miyendo," kapena "ankayenda ndi kapaipi ka mkodzo." Mawu oterewa sayenera kutayidwa. Mdala amene anamwalira atauma miyendo pambuyo podwala msana nthawi yaitali, mkodzo ukumuvuta, akhoza kukhala kuti inali khansa ya prostate yofika kumafupa. Ana ake ayenera kumuuza dokotala zimenezi momwe akuzikumbukira.

Ife Achewa timawerenga mtundu kuchikazi, ndipo timadziwa bwino za malume kusiyana ndi za abale a bambo. Pa matenda awa mbali zonse ziwiri n'zofunika. Za bambo ndi abale awo zifufuzidwe. Za kuchikazi nazo zili ndi mawu, chifukwa pali chilema china cha m'magazi chotchedwa BRCA2 chimene chimatha kuyambitsa khansa ya m'mawere ndi ya thumba la mazira mwa akazi, ndipo mwa amuna chimatha kuyambitsa khansa ya prostate yolusa, yoyamba msanga. Ngati mayi anu, azakhali kapena alongo anu anadwala khansa ya m'mawere, makamaka akadali achitsikana, nkhaniyo ikukukhudzani inunso bambo. Masiku ano mabanja ambiri a ku Zimbabwe analumikizananso ndi abale a ku Malawi kudzera pa foni. Pakati pa mauthenga a maliro ndi a ukwati, funso lakuti amuna a m'banjamo akhala akumwalira ndi chiyani lifunsidweko.

Magazi a PSA: zimene amanena ndi zimene sanena

PSA ndi chinthu chimene prostate imapanga, ndipo pang'ono chabe chimalowa m'magazi. Kachiwaloka kakakhala pavuto, PSA imakwera. Namwino amatenga magazi pamkono, amapita ku labotale, zotsatira zimabwera ngati nambala. Kuyeza kumeneku kunavomerezedwa ku America mu 1986 kuti kuzithandiza kutsatira odwala, ndipo mu 1994 kunavomerezedwa kuti kuzithandiza kufufuza matendawa mwa amuna amene sakudwala. Kwa zaka zambiri madokotala akhala akutenga 4 ngati malire, ngakhale amayang'ananso msinkhu wa munthu ndi momwe nambalayo ikusinthira chaka ndi chaka.

Apa ndiyenera kunena chilungamo chonse, chifukwa amene amalimbikitsa kuyezetsa nthawi zina amabisa mbali ina. PSA yokwera sikutanthauza kuti munthu ali ndi khansa. Mwa amuna 4 alionse amene PSA yawo yakwera, pafupifupi 3 amapezeka kuti alibe. Kukula wamba kwa prostate kumaikweza, matenda a m'njira ya mkodzo amaikweza, kapaipi ka mkodzo kamaikweza. Ngakhale kukhala malo amodzi ndi mayi a kunyumba kapena kupalasa njinga mtunda wautali kumatha kuikweza pang'ono, n'chifukwa chake amalangiza kupewa zimenezi kwa masiku 2 munthu asanayezetse. Mbali inayo, PSA yotsika sichotseratu nkhawa, chifukwa amuna ena, pafupifupi 1 mwa 7 amene ali ndi khansayi, PSA yawo imaoneka yabwinobwino. Nambalayo imangouza dokotala kuti apitirize kufufuza kapena ayi.

Ndiye pali kupima kumene abambo amakuopa kuposa matenda enieniwo. Dokotala amavala golovesi, n'kulowetsa chala m'njira ya chimbudzi kuti amve ngati prostate ili yosalala kapena yolimba ndi ya timabuntha. Sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Sikosangalatsa, koma sikuchotsa ulemu wa munthu, ndipo amayi athu akhala akupirira kupimidwa khomo la chiberekero, kumene n'kovuta kuposa uku, popanda kuthawa. Amene akuopa chala ayambe ndi magazi, koma dokotala akanena kuti m'pofunika, alole.

Ngati PSA kapena chala zapereka chikaiko, chotsatira ndi kutenga tizidutswa ta prostate ndi singano kuti akationere pa makina ku labotale. Kumene kuli sikani ya MRI amayamba ndi imeneyo kuti aone pofunika kubaya. Ndi tizidutswa timeneti tokha timene timatsimikiza kuti ndi khansa, ndipo timauzanso ukali wake. Muyeso wake unayambitsidwa ndi dokotala wa ku America, Donald Gleason, m'zaka za m'ma 1960. Gleason 6 ndi khansa yofatsa, yoyenda pang'onopang'ono. 7 ili pakati. 8, 9 ndi 10 ndi zolusa. Wodwala aliyense ali ndi ufulu wofunsa nambala yake ya PSA, nambala ya Gleason, ndi ngati matenda atuluka m'kachiwaloka kapena ayi. Azilembe m'kabuku, chifukwa adzazifuna pachipatala chilichonse chimene angapite.

Kumayiko olemera madokotala amatsutsana ngati n'koyenera kuyeza mwamuna aliyense, chifukwa kuyeza kumapezanso tikhansa tofatsa timene sitikanapha munthu, ndipo ena amachitidwa opaleshoni yosafunikira. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya anapeza kuti kuyeza PSA kunachepetsa imfa za khansayi ndi pafupifupi 20 pa 100 m'zaka 16, koma panalinso amuna ambiri amene anapatsidwa chithandizo chimene sakanachifuna. Mtsutso umenewu ndi woona. Koma vuto la ku Muzvezve ndi losiyana ndi la ku Ulaya. Kuno amuna sakupezeka ndi khansa msanga mopitirira muyeso. Akupezeka nayo itafika kumsana. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linalengeza mu April 2024 kuti odwala atsopano padziko lonse adzachoka pa 1.4 miliyoni pachaka mu 2020 kufika pa 2.9 miliyoni mu 2040, ndipo imfa zidzachoka pa 375,000 kufika pafupifupi 700,000, zambiri mwa izo m'mayiko osauka kumene matenda amapezeka mochedwa.

Chithandizo chilipo, ndipo chili ndi mtengo wake m'thupi

Khansa ikapezeka idakali m'kati mwa prostate, njira zilipo zitatu. Ikakhala yofatsa, dokotala akhoza kulangiza kungoiyang'anira: kuyeza PSA miyezi ingapo iliyonse, kupimanso nthawi ndi nthawi, n'kuchitapo kanthu pokhapokha ikayamba kusintha. Abambo ena amaona ngati adokotala awataya, koma si choncho. Njira yachiwiri ndi opaleshoni yochotsa prostate yonse. Yachitatu ndi radiotherapy, kuwotcha chotupacho ndi mphamvu ya makina, tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata angapo. A Nelson Mandela analandira chithandizo chimenechi kwa masabata 7 mu 2001, ali ndi zaka 83, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2013.

Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa ProtecT anatsatira amuna 1,643 amene khansa yawo inapezeka isanafalikire. Anawagawa m'magulu atatu molingana ndi njira zitatuzi. Zotsatira za zaka 15, zimene zinatuluka mu 2023, zinaonetsa kuti m'gulu lililonse amuna pafupifupi 97 mwa 100 sanamwalire ndi khansayi, ngakhale kuti mwa ongoyang'aniridwa matenda anafalikira mwa ochulukirapo. Amuna a m'kafukufukuyu ambiri anali azungu, ndipo ankaonedwa ndi madokotala mosadukiza, zimene bambo wa pafamu ku Chegutu sangazipeze mosavuta. Komabe phunziro lake ndi lolimba: wopezeka msanga amakhala ndi nthawi yoganiza ndi yosankha.

Sindibisa zotsatira zake. Opaleshoni imatha kusiya mkodzo ukudontha kwa miyezi, ena kwa nthawi yaitali, ndipo imatha kufooketsa mphamvu za kuchipinda. Radiotherapy imathanso kuzifooketsa, ndiponso imatha kuvutitsa m'mimba. Zimenezi n'zimene abambo amanong'onezana, ndipo n'zimene zimathawitsa ambiri. Koma ambiri amapezako bwino pakapita nthawi, pali mankhwala othandiza, ndipo khansa yosachizidwa imadzalanda mphamvu zomwezo pamodzi ndi miyendo. Nkhani imeneyi ikambidwe mayi a kunyumba ali pomwepo, chifukwa ndi yawonso.

Khansa ikafalikira, kuichotseratu sikutheka, koma kuigwira kuti isathamange n'kotheka, nthawi zina kwa zaka zingapo. Mu 1941 dokotala Charles Huggins wa ku Chicago anaonetsa kuti khansa ya prostate imakula ndi mphamvu ya testosterone, homoni yachimuna imene imapangidwa m'machende. Ikachotsedwa, chotupa chimafota, ululu wa m'mafupa umachepa, PSA imatsika. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1966 chifukwa cha ntchitoyi, ndipo mpaka lero chithandizo cha khansa yofalikira chimayambira pamenepa. Testosterone imatsitsidwa ndi jakisoni wa pamimba, monga goserelin, wobaya mwezi uliwonse kapena miyezi 3 iliyonse, kapena ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa mbali ya machende imene imapanga homoniyo. Njira ziwirizi zimagwira ntchito mofanana. Jakisoni ndi wodula ndipo safuna kudukiza. Opaleshoni imachitika kamodzi basi, ndipo imatheka pa zipatala zambiri. Ndikudziwa kulemera kwa mawu amenewa m'makutu a mwamuna. Koma banja limene ligulitse mbuzi kuti ligule jakisoni wa miyezi 3 kenako n'kulephera wachiwiri liyenera kuuzidwa poyera kuti njira inayo ilipo. Pambuyo pake pali mankhwala ena monga docetaxel ndi abiraterone, amene amatalikitsa moyo, kwa amene angawapeze.

Chinthu chimodzi banja lililonse lichidziwe. Bambo wodwala khansayi, kapena mdala aliyense wodwala msana, akayamba kufooka miyendo, kuchita dzanzi, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chotupa chimakhala chikupanikiza mtsempha wa msana, ndipo masiku ochepa ochedwa amatha kumusiya wosayendanso. Mkodzo ukatsekeratu n'chimodzimodzi, chifukwa umabwerera n'kuwononga impso. Ululu nawo si wongopirira. Morphine amathandiza, ndipo kumwa morphine sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kufa. Zimbabwe ndi kumene kunayambira bungwe loyamba mu Africa losamalira odwala matenda osachiritsika, Island Hospice, mu 1979.

Msewu wa ku Harare

Kadoma ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare, Chegutu ali pafupiko, ndipo matauni onsewa ali pa msewu waukulu wa Harare ndi Bulawayo. Pa mapu zikuoneka zapafupi. Koma zipatala za boma zokhala ndi makina a radiotherapy m'dziko lonse la Zimbabwe ndi ziwiri zokha, Parirenyatwa ku Harare ndi Mpilo ku Bulawayo, ndipo m'zaka zapitazi makinawo akhala akuwonongeka n'kukhala miyezi yambiri osagwira ntchito. Wodwala wa ku Muzvezve amayambira kukiliniki, n'kutumizidwa ku Kadoma General Hospital kapena ku Chegutu District Hospital, kenako ku Harare kukaonana ndi dokotala wa njira ya mkodzo. Pamenepo pakufunika ya basi, ya sikani, ya labotale, ndi malo ogona kwa masabata onse a chithandizo. Mu 2024 boma linakhazikitsa msonkho pa shuga wa mu zakumwa n'kulonjeza kuti ndalama zake zigula makina a khansa. Anthu ali ndi ufulu wofunsa, chaka chilichonse, kuti ndalamazo zafika pati.

A Robert Mugabe, mtsogoleri wakale wa dzikoli, omwe kwawo kunali ku Zvimba m'chigawo chomwechi cha Mashonaland West, anamwalirira ku Singapore pa 6 September 2019, komwe ankalandira chithandizo, ndipo a Emmerson Mnangagwa, amene anawalowa m'malo, anauza anthu kuti anali ndi khansa. Mdala wa pakomboni alibe Singapore. Ambiri anataya ntchito mafamu atalandidwa kuyambira mu 2000, penshoni za ogwira ntchito kumigodi ndi m'mafakitale zinasungunuka ndi kugwa kwa ndalama kwa mu 2008, ndipo ana awo ambiri akukumba golide pawokha, makorokoza, opanda inshuwalansi ya chipatala.

Pamwamba pa izi pali vuto la mapepala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a matchona akuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe lipoti la Amnesty International la mu 2021 linapeza kuti ambiri akadalibe ziphaso. Boma limati okalamba opitirira zaka 65 asamalipire pa zipatala zake, koma wopanda chiphaso atsimikiza bwanji zaka zake? Ndipo popeza Chichewa ndi chinenero chovomerezeka, palibe chifukwa choti uthenga wa khansa ya prostate usamveke m'Chichewa m'makiliniki a kumigodi ndi m'mafamu, kumene madala ena amalongosola bwino za thupi lawo m'chinenero cha makolo awo.

Zonsezi zikundifikitsa pa mfundo imodzi. Chifukwa choti chithandizo cha khansa yofalikira n'chodula ndiponso chili kutali, munthu wosauka ndi amene akufunika kwambiri kupezeka msanga.

Amene amatha kukonza maliro

Anthu a ku Malawi okhala ku Zimbabwe amadziwika ndi magulu othandizana pa maliro. Makolo awo ndi amene anawalimbikitsa m'makomboni, poopa kuikidwa ngati osowa abale kudziko la eni. Mpaka lero maguluwa amasonkha mwezi ndi mwezi, ali ndi mlembi ndi msungichuma, amadziwa dzina ndi msinkhu wa membala aliyense, ndipo tsiku la maliro bokosi, galimoto ndi ufa sizisowa. Gulu lotere lingathe kupatula kandalama koyezetsera PSA mamembala ake aamuna opitirira zaka 45, n'kuthandiza ya basi amene watumizidwa ku Harare. Lingathe kuitana namwino kudzalankhula pa msonkhano wa pamwezi. Bungwe la Cancer Association of Zimbabwe, lomwe lili ku Harare, limaphunzitsa anthu za khansa ndipo lingafunsidwe nzeru. Chigwirizano cha abambo kumpingo, akulu a ku mzikiti Lachisanu, ndi akulu a kudambwe, kumene amuna amakambirana zimene sakamba pagulu, onse ali ndi malo amene dokotala wa ku Harare alibe.

Woimba lipenga wa ku South Africa, Hugh Masekela, analimbana ndi khansa ya prostate kuyambira 2008. Miyezi ingapo asanamwalire pa 23 January 2018 ku Johannesburg, anapempha amuna anzake poyera kuti aziyezetsa. Pempho lotere limamveka kwambiri likachokera kwa mnzako wa pakomboni amene anayezetsa, analandira chithandizo, ndipo akuyendabe.

Bambo, ngati mwafika zaka 45, kapena 40 ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwala matendawa, pitani kukiliniki kapena kuchipatala cha ku Kadoma kapena ku Chegutu, mukafunse komwe mungayezetse PSA, ngakhale simukumva kupweteka kulikonse. Mayi, mwana, mphwake, aperekezeni. Zotsatira zikabwera, musachoke musanauzidwe nambala yanu, tanthauzo lake, ndi tsiku loti mudzabwerenso.